Mtembo wa Yosefe ndi bokosi lochokera ku Joni

Kale munthu akamwalira usiku m'midzi ya kwa Dambe ku Mchinji, adzukulu ankalawirira kumanda ndi makasu, ndipo dzuwa lisanalowe mwambo unkakhala utatha. Lero uthenga umafika pa foni kuti mwana watisiya ku Joni, anthu n'kugona pasiwa sabata yathunthu, thupi lili m'njira atalibaya mankhwala kuti lisawonongeke. Banja lina limagulitsa mtedza wambewu, lina limakatenga katapila. Kodi Mkhristu aiwone bwanji ntchito yosunga thupi imeneyi?

Akatakwe a ntchitoyi anali Aigupto. Poyamba iwo ankangokwirira akufa mumchenga wotentha wa m'chipululu, ndipo mchengawo unkaumitsa thupi. Mafumu oyamba atalumikiza dzikolo, zaka pafupifupi 3100 Khristu asanabadwe, olemera anayamba kufuna mabokosi ndi manda a njerwa. Mitembo itatalikirana ndi mchenga uja inayamba kuwola. Choncho m'kupita kwa nthawi anaphunzira kutumbula mtembo, kuchotsa zam'kati, kuukwirira mumchere wotchedwa natron kwa masiku ngati 40, kenaka n'kuukulunga m'nsalu zabafuta. Ubongo ankataya, koma mtima ankausiya, pokhulupirira kuti udzaikidwa pasikelo kuyang'anizana ndi nthenga ya choonadi pamaso pa Osiris, woweruza akufa. Kwa iwo mzimu unkafunika thupi loti uzibwereramo. Thupi likatha, munthuyo wafa kachiwiri.

Mantha amenewa anali okwera mtengo, ndipo olipira sanali mafumu okha. Manda a mfumu Djer ku Abydos azunguliridwa ndi manda oposa 300 a antchito ake, amene akatswiri ambiri amati anaphedwa kuti akamutumikire kutsidya. Khufu anadzimangira phiri la miyala ku Giza, koma bokosi lake lamwala linapezeka lopanda kanthu. M'chaka cha 2021 mitembo 22 ya mafumu ndi mafumukazi inadutsa pagalimoto m'misewu ya Cairo kupita kunyumba yosungiramo zakale, kumene alendo amalipira pakhomo kuti aiwone.

Komatu Baibulo silinyoza mwambowu. Pa Genesis 50 timawerenga kuti Yosefe analamula asing'anga ake kukonza thupi la atate ake Yakobo masiku 40, ndipo Aigupto analira masiku 70. Yosefe mwini atamwalira ali ndi zaka 110, anamukonza chimodzimodzi n'kumuika m'bokosi. Kusiyana kunali apa: asanamwalire analumbiritsa abale ake kuti Mulungu akadzawatulutsa m'dzikomo, adzanyamule mafupa ake. Mose anawanyamuladi (Eksodo 13:19), ndipo anakaikidwa ku Sekemu (Yoswa 24:32). Wolemba kalata ya kwa Ahebri, pa mutu 11, satchula n'komwe za mankhwala aja. Chimene akuchiwerengera ngati chikhulupiriro ndi lamulo la mafupalo. Farao ankaumitsa thupi kuti likhale pomwepo mpaka kalekale. Bokosi la Yosefe linali katundu wa paulendo.

Zoterezi zinachitikanso pafupi nafe. David Livingstone atamwalira kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, m'chaka cha 1873, anzake a paulendo Susi ndi Chuma anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, thupi n'kuliumitsa ndi mchere ndi dzuwa kwa milungu iwiri. Analisenza miyezi yambiri mpaka kunyanja ku Bagamoyo, ndipo linaikidwa ku London mu Epulo 1874. Sankayembekeza kuti mcherewo umupatsa moyo. Ankangofuna kuti akagone kwawo.

Choncho, okondedwa, banja limene lavutika kubweretsa mwana wawo kuti agone pafupi ndi makolo lisadzudzulidwe. Chodandaulitsa n'chakuti nthawi zina zimapitirira pamenepo: bokosi lonyezimira loti mudzi uwone, chiliza cha matailosi, kwinaku ana amasiye atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Pamenepo amoyo ayamba kulipirira manda, monga antchito a Djer aja.

Palinso mabanja amene ndalama zinawachepera, navomera ndi misozi kuti wokondedwa wawo aikidwe konko ku Johannesburg, ndipo mpaka lero mtima umawatsutsa. Iwowa akumbukire Mose, amene ananyamula mafupa a mnzake zaka 40 m'chipululu. Iye anaikidwa m'chigwa cha ku Mowabu, kudziko la eni, ndipo Deuteronomo 34 ikuti manda ake palibe akuwadziwa. Koma pa phiri limene Yesu anawala ulemerero, ophunzira atatu anamuona Moseyo akulankhula ndi Ambuye.