Tsiku limodzi pa wailesi ya sefuliya

Masiku ano munthu akafuna kupereka moni kwa mbale wake amene ali ku Joni amangotulutsa foni m'thumba, ndipo uthenga umafika asadaibwezeremo n'komwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 moni wotere unkayenda ulendo wautali. Munthu wa ku Dedza kapena ku Nkhata Bay ankalemba kalata, n'kuiponya ku positi kuti ipite ku Lusaka, kenaka n'kudikira masabata angapo, khutu lili pa wailesi, kuti muulutsi atchule dzina lake ndi la mbale wake wa ku migodi.

Nthawi imeneyo dziko lino, lomwe linkatchedwa Nyasaland, lidalibe nyumba yakeyake youlutsira mawu. Chinyanja chimene makolo athu adayamba kuchimva pa wailesi chinkachokera ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, pa siteshoni ya Central African Broadcasting Station. Kuona m'mene tsiku linkayendera pa siteshoni imeneyi kukutithandiza kumvetsa chinthu chimodzi: boma la atsamunda lidaimanga kuti liziyankhula kwa anthu, koma anthuwo ankaitsegula pofuna nyimbo ndi mawu a abale awo. Tsiku lililonse lidali kukokanakokana pakati pa zofuna ziwirizi.

Chifukwa chiyani Lusaka?

Boma la Northern Rhodesia lidayamba kuulutsa mawu ku Lusaka m'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Cholinga chidali chouza anthu m'mene nkhondo inkayendera ndi kuthetsa mphekesera. Makina ake adali a mphamvu yochepa, ndipo mawailesi omvera anthu ambiri pamodzi ankaikidwa pa boma, m'mabwalo a mafumu ndi m'maholo a m'makomboni. Wofuna kumva ankayenera kunyamuka ndi kukakhala pamene boma lidamukonzera.

Nkhondo itatha, mkulu wa nthambi yofalitsa nkhani m'dzikolo, Harry Franklin, adalimbikitsa ganizo loti Lusaka iziulutsira anthu akuda a m'maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, pamene Salisbury, yomwe lero ndi Harare, izisamalira azungu. Ganizolo lidavomerezedwa, ndipo siteshoniyo inkayankhula m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga cha ku Zambia, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi.

Vuto lidatsala limodzi: omvera adalibe mawailesi. Mawailesi a m'masitolo adali okwera mtengo ndiponso ambiri ankafuna magetsi. Franklin adafunafuna kampani yoti ipange wailesi yotsika mtengo mpaka kampani ya mabatire ya Ever Ready ya ku Britain idavomera. Wailesiyo idafika m'chaka cha 1949. Idali yobulungira, ya chitsulo chopepuka chopangira miphika, yopakidwa utoto wa buluu, ndipo chifukwa chofanana ndi sefuliya idapatsidwa dzina loti Saucepan Special. Mtengo wake udali mapaundi 5, n'kuwonjezerapo mashilingi 25 a batire lalikulu limene linkatha pakapita maola pafupifupi 300. Mabowo ake adatchingidwa ndi kasefa kuti mphemvu ndi tizilombo tina tisalowemo.

Mapaundi 5 sadali masewera kwa mlimi, koma mphunzitsi, kalaliki, mwini golosale kapena munthu wobwera kumene kuchokera ku Wenela ankakwanitsa. Wailesi imodzi inkamvedwa ndi khamu. Ndipo poti batire lidali lodula, mwini wake sankangoitsegula chisawawa. Ankasankha pulogalamu yoyenera kuwonongerapo batire, ndipo kusankha kumeneku ndi kumene kudapatsa womvera mphamvu pa aulutsi a ku Lusaka.

M'mawa: nkhani ndi makalata

Maola oulutsira mawu ankawonjezeka chaka ndi chaka, ndipo zinenero zinkagawana nthawi, kotero womvera Chinyanja ankayenera kudziwa nthawi yake. Koma m'nyumba youlutsira mawumo ntchito inkayamba mawu asadapite mumlengalenga.

Ntchito yoyamba idali ya nkhani. Zinkalembedwa m'Chingerezi, kenaka aulutsi n'kuzimasulira aliyense m'chinenero chake. Iyi siidali ntchito yophweka. Muulutsi ankayenera kupeza njira yofotokozera nyumba ya malamulo, chisankho, bomba la atomu kapena bungwe la United Nations kwa munthu amene sadazionepo, ndipo padalibe buku loti aonemo. Ankasankha pakati pa kubwereka liwu lachizungu, kupanga latsopano, kapena kulongosola ndi chiganizo chathunthu. Kulimbana kumene atolankhani a Chichewa ali nako lero ndi mawu monga intaneti kudayamba kalekale pa matebulo amenewo.

Ntchito yachiwiri idali ya makalata. Ankabwera ochuluka kwambiri, ambiri opempha nyimbo ndi kupereka moni, ena ofunsa mafunso, ena odandaula kuti chinenero chawo chikupatsidwa nthawi yochepa. Wina ankayenera kuwatsegula, kuwasanja potsata chinenero, ndi kukafuna mbale ya nyimbo imene yapemphedwa. Mbale za galamafoni za nthawiyo zinkasweka msanga, ndipo mbali imodzi inkatenga nyimbo ya mphindi zitatu zokha. Mwa makalata amenewa akuluakulu a siteshoni ankadziwa zimene anthu akufunadi, ngakhale pamene zinkasiyana ndi zimene boma linkafuna kuti amve.

Masana: maphunziro okutidwa m'nyimbo

Boma lidaika ndalama zake pa wailesi pofuna kuphunzitsa. Choncho padali nkhani za ukhondo, za ulimi, za kalera ana, za kusunga ndalama ndi za ubwino wotumiza ana ku sukulu. Koma aulutsi adaphunzira msanga kuti munthu akayamba kulalikira kwa nthawi yaitali, mwini sefuliya amangoitseka kuti asunge batire. Padalinso chifukwa china: malangizo a boma ankafika m'makutu a anthu amene adali kale ndi chilonda. Mlimi wa ku Nyasaland amene ankalipitsidwa chindapusa chifukwa cha malamulo a malimidwe sakadasangalala kumva wailesi ikumuuza ubwino wa akalozera.

Njira imene adaipeza idali yakwathu. Phunziro linkalowetsedwa m'nthano, m'mwambi, m'sewero kapena m'nyimbo. Masewero ambiri sankalembedwa liwu ndi liwu. Ochita sewero ankagwirizana mutu ndi m'mene nkhani iyendere, kenaka n'kuyamba kuyankhulana monga anthu amachitira pa bwalo. Edwin Mlongoti adatchuka ndi luso limeneli. Andreya Masiye adadziwika ndi pulogalamu ya Kabvulumvulu, imene inkadalira nyimbo, miyambi ndi maganizo a anthu wamba.

Pa nyimbo, dzina lalikulu lidali Alick Nkhata. Adabadwira ku Kasama m'chaka cha 1922. Mayi ake adali Mbemba, bambo ake Mtonga wochokera ku Nyasaland. Adamenya nawo nkhondo ku Burma, kenaka adagwira ntchito ndi Hugh Tracey, katswiri wojambula nyimbo za mu Africa, asadalowe ntchito pa wailesi ya Lusaka. Nkhata ankatenga nyimbo zamakolo n'kuziimba ndi gitala, ndiponso ankapeka zake zonena za moyo wa m'tauni: mowa, ngongole, kunyada ndi maukwati osalimba. Anthu ankavina, koma phunziro linkalowa.

Siteshoniyo inkatumizanso galimoto yokhala ndi makina ojambulira mawu m'midzi ndi m'makomboni. Ng'oma, kalimba, nyimbo za pamtondo ndi makwaya zinkajambulidwa n'kukaulutsidwa. Kwa nthawi yoyamba mudzi unkatha kudzimva wokha kuchokera m'kachitsulo, ndipo mtundu wina unkamva kaimbidwe ka mtundu umene sudakumanepo nawo.

Dzuwa likapendeka: m'mene mawu ankafikira kuno

Kuchokera ku Lusaka kufika ku Zomba pali mtunda wa makilomita oposa 700. Wailesi za FM zimene tazolowera lero sizingafike patali chotero, chifukwa mafunde ake amayenda molunjika ndipo amatchingidwa ndi mapiri komanso kubulungira kwa dziko. N'chifukwa chake siteshoni yofuna kumveka m'dziko lonse imamanga milongoti yambiri m'zigawo zonse. Mafunde a shortwave amayenda mosiyana. Amaponyedwa kumwamba, kumene pa mtunda wa makilomita mazana angapo kuli mpweya umene kuwala kwa dzuwa kumaupatsa mphamvu ya magetsi. Mpweya umenewo umawabweza pansi, ndipo amakatera kutali ndi kumene adachokera. Motero siteshoni imodzi inkakwanira maiko atatu.

Koma mpweyawo umasintha ndi dzuwa. Masana mafunde aatali amamezedwa m'njira, kotero ofupikirapo ndiwo amayenda bwino. Usiku aataliwo amamveka patali. Sefuliya inkagwira kuyambira pa mamita 25 mpaka 90, ndipo mwini wake ankaphunzira kupotokola kagudumu pang'onopang'ono mpaka mawu atayera. Waya ankamangidwa pa nsungwi yaitali kapena pa mtengo. Ngakhale zonse zikhale m'malo, mawu ankatha kukwera ndi kutsika ngati mafunde a pa nyanja, ndipo m'nyengo ya dzinja ziphaliwali zinkachititsa kuti wailesi izingothetheka. Chokhumudwitsa kwambiri chidali choti mawu azilale pa mphindi imene muulutsi akutchula dzina lako.

Madzulo: Zimene Mwatifunsa

Madzulo ndiwo adali mtima wa tsiku. Anthu aweruka ku ntchito, ena abwera ku munda, ndipo sefuliya yatulutsidwa pa khonde. Nkhani zinkamvedwa mwachidwi, makamaka ndi amuna ophunzira, koma pulogalamu imene inkasonkhanitsa aliyense idali ya zopempha za omvera, yotchedwa Zimene Mwatifunsa.

Kuti timvetse mphamvu yake tiyenera kukumbukira m'mene mabanja adamwazikira. Amuna ambiri a ku Nyasaland ankagwira ntchito m'mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia, ku mgodi wa malasha wa Wankie, m'nyumba za azungu ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ku migodi ya kopa ya ku Kitwe ndi Luanshya, ndiponso ku Joni. Ena ankatha zaka osabwerera mpaka kutchedwa matchona. Kalata inkafuna wodziwa kulemba ndi wodziwa kuwerenga, ndipo inkatha kusochera. Koma dzina likatchulidwa pa wailesi, mudzi wonse unkamva kuti uje ali moyo ndipo akukumbuka kwawo. Ngakhale mayi ake akhale kuti sadali pafupi ndi wailesi, pofika m'mawa wina amakhala atawauza kale pa chitsime.

Nyimbo zopemphedwa zinkadabwitsa akuluakulu a siteshoni, amene ankayembekezera kuti anthu azifuna nyimbo zamakolo zokha. Omvera ankafuna gitala wa George Sibanda wa ku Bulawayo, nyimbo zovina za ku South Africa, rumba ya ku Congo, ngakhalenso nyimbo za Jimmie Rodgers wa ku America, amene adali atamwalira kale m'chaka cha 1933. Wailesi idachititsa kuti mnyamata wa ku Limbe ndi mnzake wa ku Ndola aziimba nyimbo imodzi. Oimba gitala ndi banjo a kuno kwathu a m'zaka zotsatira adakula akumva kusakanikirana kumeneku.

Pamene chikhulupiriro chidasweka

Kukokanakokana kuja kudafika poipa pa nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chidakhazikitsidwa m'chaka cha 1953 anthu akuda ambiri akuchikana. Wailesi idali ya boma, ndipo inkayenera kufotokoza ubwino wa chitaganyacho. Mawu amene dzulo ankapereka moni wa mwana wa ku migodi, lero ankawerenga nkhani imene omvera ankaiona kuti ndi chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Aulutsi akuda ndiwo adasenza mkwiyo wa anthu. Kudabuka mphekesera zoti ena mwa iwo akugwirizana ndi opopa magazi, omwe ku Zambia amati banyama, ndipo ena ankaopsezedwa. Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito pa siteshoniyo, adalemba za nyengo imeneyi m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1959. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo m'chaka cha 2017 akudziwa kuti nkhani zotere zimamera pamene anthu asiya kukhulupirira owalamulira.

Anthu sadataye mawailesi awo. Ankatsegulabe kuti amve nyimbo ndi moni, koma nkhani ankazimva ndi khutu lokayika. Komanso shortwave ilibe malire: kagudumu komweko kankatha kupeza mawailesi a maiko ena, kuphatikizapo ya Cairo, imene inkalimbikitsa ufulu wa anthu a mu Africa. Chida chimene boma lidabweretsa kuti anthu azilimvera chidawapatsa mwayi woyerekeza mawu ake ndi a ena.

M'chaka cha 1958 siteshoni ya Lusaka idalowa pansi pa Federal Broadcasting Corporation. Chitaganya chidatha kumapeto kwa 1963, ndipo m'chaka cha 1964 Malawi idakhala ndi wailesi yakeyake ya MBC, imene idapitiriza kugwiritsa ntchito shortwave kwa zaka zambiri pofuna kufika m'madera akutali. Alick Nkhata adafa m'chaka cha 1978 pamene asilikali a Rhodesia adaukira msasa wa omenyera ufulu pafupi ndi famu yake ku Mkushi.

Lero mawailesi ndi ambiri, ndipo womvera akatopa amangosintha siteshoni kapena kutsegula WhatsApp. Komabe maonekedwe a tsiku sadasinthe kwenikweni: nkhani, malangizo a ulimi ndi umoyo, sewero, nyimbo, moni ndi mauthenga. Funso limene aulutsi a ku Lusaka ankakumana nalo m'mawa uliwonse likadalipo kwa mkonzi aliyense, makamaka nyengo ya chisankho ikayandikira. Womvera amene wasunga batire lake kuti amve dzina la mwana wake amamvanso nkhani pa wailesi yomweyo, ndipo akazindikira kuti wanamizidwa pa nkhaniyo, nyimbo yokoma siikwanira kumubwezera chikhulupiriro.