Tiyi wa oolong wa fungo la zipatso: kodi alimi a ku Chipinge ndi Honde angapindulepo?

M'mapiri a kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, m'chigawo cha Manicaland, tiyi ndi zipatso zimamera moyandikana. M'chigwa cha Honde, kunsi kwa phiri la Nyangani, minda ya tiyi imachita malire ndi minda ya nthochi, mango ndi mapeyala. Ku Chipinge nako, pafupi ndi malire a Mozambique, zinthu zili chimodzimodzi. Koma mbewu ziwirizi zimagulitsidwa payokhapayokha ndiponso pamtengo wotsika, pamene m'maiko ena anthu amalipira ndalama zambiri pogula tiyi wonunkhira zipatso wotchedwa oolong.

Mbiri ya tiyi m'derali

Tiyi anabzalidwa ku Chipinge m'chaka cha 1924 pa esiteti ya New Year's Gift, ndi mbewu zochokera ku Assam m'dziko la India. Mundawo unkathiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Tanganda, ndipo dzina la kampani ya Tanganda, yomwe tiyi wake amamwedwa m'makomo ambiri m'dzikomo, linachokera ku mtsinjewu. Pambuyo pake panabwera maesiteti ena monga Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Southdown. M'chigwa cha Honde ulimiwu unakhazikika m'zaka za m'ma 1950, ndipo alimi ang'onoang'ono ambiri amagulitsa masamba awo ku mafakitale a makampani akuluakulu. Anthu ochokera ku Malawi ndi Mozambique akhala akugwira ntchito m'minda ya ku Zimbabwe kwa mibadwo ingapo, ndipo malamulo aakulu a dzikoli a 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka.

Tiyi wambiri wa kuderali ndi wakuda, wodulidwa timibulu ting'onoting'ono ndi makina. Ogula akunja amamusakaniza ndi tiyi wa maiko ena, kotero dzina la Honde kapena Chipinge silimaoneka pa paketi. Mlimi amalipidwa pa kilogalamu ya masamba aawisi, ndipo pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Phindu lalikulu limatsalira kwa opanga, osakaniza ndi olongedza.

Oolong ndi tiyi wotani?

Oolong sachokera ku mtengo wachilendo ayi. Tiyi wakuda, wobiriwira ndi oolong onse amachokera ku chitsamba chimodzi. Chimasiyana ndi kapangidwe. Tsamba la tiyi likasunthidwa kapena kudulidwa limayamba kuda chifukwa cha mpweya, monga momwe nthochi yosenda imadera ikakhalitsa pambale. Tiyi wakuda amasiyidwa kuti ade kotheratu. Wobiriwira amatenthedwa msanga asanayambe kuda. Oolong ali pakatikati: mmisiri amalola masamba kuda pang'ono, kenaka n'kuwaimitsa ndi moto.

Luso limeneli linakulira m'zigawo za Fujian ndi Guangdong ku China komanso pachilumba cha Taiwan, ndipo dzinali limatanthauza chinjoka chakuda. Othyola amatenga masamba atatu kapena anayi okhwimirapo, kusiyana ndi masamba awiri ndi nsonga omwe fakitale ya tiyi wakuda imafuna. Masambawo amayamba afota padzuwa, kenaka amagwedezedwa m'malichero a nsungwi kuti m'mbali mwake musunthike. Akayamba kutulutsa fungo la maluwa amakazingidwa m'chiwaya, kupotedwa, ndi kuumitsidwa. Apa mphuno ya mmisiri ndiyo imalamula, chifukwa kuchedwa pang'ono kumasintha kakomedwe konse.

Fungo la zipatso limabwera m'njira ziwiri. Tiyi wina amanunkhira yekha ngati pichesi kapena uchi popanda kuthiramo kanthu. Chitsanzo ndi Oriental Beauty wa ku Taiwan, yemwe masamba ake amayamba alumidwa ndi tizilombo tating'ono todumpha. Chitsamba chimatulutsa madzi odzitetezera, ndipo madziwo ndi amene amabweretsa fungo la uchi. Chifukwa cha ichi alimi ake sapopera mankhwala ophera tizilombo. Njira yachiwiri ndi yosakaniza tiyi ndi tizidutswa ta zipatso zouma kapena mafuta onunkhira a zipatso. Oolong wa pichesi ndi chitsanzo chodziwika cha njira imeneyi.

Kulawa kumafuna kudekha

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wozolowera tiyi wa mkaka ndi masipuni atatu a shuga ayenera kuyamba wasiya zonsezi, popeza zimakwirira fungo. Madzi akawira amawasiya mphindi imodzi kapena ziwiri kuti kutentha kutsike kufika pa madigiri 85 mpaka 95. Sipuni yaing'ono yodzaza imakwana kapu imodzi, ndipo masamba amakhala m'madzi mphindi ziwiri kapena zitatu. Sawiritsidwa pamoto mu ketulo, chifukwa akatero amawawa.

Wolawa amayamba ndi maso, kuona ngati masamba ouma ali athunthu ndiponso ngati madzi atuluka oyera bwino, achikasu kapena ofiirira. Kenaka amanunkhiza masamba onyowa. Pomaliza amakoka tiyi ndi mpweya mwaphokoso kuti afike lilime lonse, monga amachitira akatswiri olawa tiyi m'mafakitale a ku Chipinge, Thyolo ndi Mulanje. Tiyi wabwino amamveka chipatso poyamba, tiyi weniweni pambuyo, ndipo kukoma kumatsalira kukhosi. Masamba omwewo amathiridwanso madzi katatu kapena kanayi. Ngati fungo latha pa kapu yoyamba, ndiye kuti mafuta onunkhira amabisa tiyi wosalongosoka.

Alangizi a zaumoyo akumbukire kuti tiyi wa mtundu uliwonse amachepetsa mphamvu ya thupi yotenga ayironi m'chakudya. Amayi oyembekezera ndi ana ndi bwino amwe tiyi patapita ola limodzi atadya, ndipo pachakudya adyere malalanje, magwafa kapena mango.

Phunziro lochokera ku Thyolo

Umboni woti oolong angapangidwe kuno kwathu ulipo. Esiteti ya Satemwa ku Thyolo, yomwe inakhazikitsidwa mu 1923, imapanga oolong ndi tiyi woyera kuwonjezera pa tiyi wakuda, ndipo amagulitsidwa kunja ndi dzina la malo ake. Mitundu yambiri ya tiyi wa ku Malawi ndi Zimbabwe inachokera ku bungwe limodzi la kafukufuku la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe likulu lake lili ku Mimosa, m'boma la Mulanje. Choncho chitsamba cha ku Honde ndi cha ku Thyolo ndi pachibale.

Komabe walira mvula walira matope. Msika wa tiyi wotere ndi waung'ono ndipo ogula amafuna kakomedwe kosasinthasintha. Zipatso zosauma bwino zimachita nkhungu ndi kuononga thumba lonse. Pamafunikanso zoumitsira zaukhondo, mapaketi osalowa mpweya ndi chilolezo cha oona za ukhondo wa zakudya. Mlimi yemwe ali pa mgwirizano ndi fakitale ayenera kuyamba wawerenga zomwe anasainira asanapatule masamba ena.

Gulu la alimi lofuna kuyesa likhoza kuyamba ndi zochepa: kuumitsa mango ndi chinanazi zomwe zimaola nthawi yokolola, kupanga makilogalamu ochepa a tiyi wa pamanja, ndi kulemba m'kope nthawi yofotetsa, yogwedeza ndi yokazinga pa ulendo uliwonse. Akatero apemphe wolawa tiyi wa pafakitale kuti alawe ndi kunena chilungamo, asanaganize zogula makina kapena kutenga ngongole.