THUPI NDI AMANAH: SIKELO YA ALLAH SIYEZA MAONEKEDWE

Chidule cha Khutba ya Lachisanu

Tikumuyamika Allah (Subhanahu wa Ta'ala) amene adatiumba natipatsa maso, makutu ndi miyendo popanda ife kulipira kanthu. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha komanso kukulangizani inu kuti timuope Allah. Khutba ya lero ikukhudza chinthu chimene aliyense wa ife walowa nacho mu mzikiti muno, chomwe ndi thupi lake. Mafunso athu ndi awiri. Kodi ulemerero wa munthu uli m'maonekedwe a thupi lake? Nanga ngati suli m'menemo, tikulimbikitsidwiranji kulisamala ndi kulilimbitsa?

Miyendo ya Ibn Mas'ud

Imam Ahmad adalemba mu Musnad yake nkhani ya Abdullah ibn Mas'ud (Radhiya Allahu anhu), swahaba amene adali wamfupi ndi wochepa thupi. Tsiku lina adakwera mu mtengo wa arak kukathyola mswachi, ndipo mphepo idayamba kumugwedeza. Anthu ataona kuonda kwa miyendo yake adaseka. Mtumiki (S.A.W) adafunsa chimene chikuwaseketsa, ndipo atamuuza, iye adalumbira kuti pa sikelo ya Tsiku la Kiyama miyendo imeneyo idzalemera kuposa Uhud. Amene mudapitako ku Madina mukulidziwa phiri limeneli, lomwe lidatambalala mtunda wa makilomita pafupifupi 7.

Miyendo yomwe idasekedwayo ndi imene idamunyamula Ibn Mas'ud kukaima pafupi ndi Ka'ba n'kuwerenga Qur'an mokweza pamaso pa ma Quraish, nthawi imene Asilamu adali ochepa ndi ozunzidwa. Ndi yomweyo idamufikitsa ku Badr m'chaka cha 2 cha Hijra, kenako ku Kufa kumene Khalifa Umar (R.A) adamutuma kukaphunzitsa. Kulemera kwake kudachokera ku ntchito imene idagwira. Izi zikugwirizana ndi hadith ya Abu Huraira (R.A) mu Swahih Muslim, yotiphunzitsa kuti Allah amayang'ana mitima ndi ntchito zathu, osati nkhope kapena chuma chathu. Surah Al-Hujurat ndime 13 ikuyika ulemerero wa munthu pa taqwa, pamene ndime 11 ikuletsa kusekana ndi kuitanana maina achipongwe.

Kusokera koyamba: kulinyoza thupi

Pali ena mwa ife amene amadziona opanda pake chifukwa cha khungu, msinkhu kapena kaumbidwe kawo. Mtsikana amakula akunenedwa kuti ndi wakuda kwambiri, mpaka amayamba kudzola mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mercury yemwe amaononga impso ndi mitsempha, kapena hydroquinone yemwe akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda kumaso. Wina poopa kuti anthu azimuloza chala kuti kuonda kwakeko ndi matenda, amagula mapiritsi onenepetsa pamsika popanda kuonana ndi dokotala. Achinyamata nawo amadziyerekeza ndi zithunzi za pa Facebook, zomwe zambiri zidachita kukonzedwa.

M'bale wanga, Surah At-Tin ndime 4 ikutiuza kuti munthu adalengedwa m'kaumbidwe kabwino koposa, ndipo Surah Ar-Rum ndime 22 ikuwerengera kusiyana kwa zilankhulo ndi makungu athu m'gulu la zizindikiro za Allah, pamodzi ndi kulengedwa kwa thambo ndi nthaka. Amene akuseka khungu la mnzake akuseka chizindikiro cha Mlengi. Inu makolo, samalani lilime lanu. Dzina lachipongwe limene mumamuitanira mwana pakhomo amatha kulisenza mu mtima mpaka ukalamba.

Kulinyoza thupi kumabweranso m'chovala cha ibada. Abdullah ibn Amr ibn Al-As (R.A) ankasala masiku onse ndi kuswali usiku wonse. Mu Swahih Al-Bukhari tikuwerenga kuti Mtumiki (S.A.W) adamuletsa, namukumbutsa kuti thupi lake, maso ake ndi mkazi wake zili ndi gawo lake pa iye. Atakalamba, Abdullah ankalakalaka akadalandira kupeputsiridwa kuja.

Kusokera kwachiwiri: kudzitama nalo

Ena amaliyesa thupi ngati chinthu chodzikweza nacho. Wachinyamata amanyamula zitsulo kuti aziopedwa ndi kuchemereredwa. Wamkulu amanyadira mimba kuti ndiyo chizindikiro cha ubwana, osadziwa kuti m'mimba momwemo ndi mobisalira shuga ndi BP. Tikumbukire kuti woyamba kudzitama ndi chimene adaumbidwira adali Iblis, monga ikufotokozera Surah Al-A'raf ndime 12. Nayo Surah Al-Munafiqun ndime 4 ikunena za anthu a matupi osiririka amene akufanizidwa ndi mitengo youma yoyedzamiritsidwa kukhoma.

Onyoza thupi ndi odzitama nalo alakwitsa chinthu chimodzi: onse apereka sikelo m'manja mwa anthu.

Tilimbitsirenji thupi?

Thupi ndi amanah, katundu amene tasungitsidwa. Mu hadith ya Abu Barza (R.A) yolembedwa ndi Imam At-Tirmidhi, mwa zinthu zimene kapolo adzafunsidwe pa Tsiku la Kiyama muli thupi lake, kuti adalitheretsa pa chiyani. Wosungitsidwa katundu sadzitama naye, sachita naye manyazi, komanso samusiya kuti aonongeke.

Mtumiki (S.A.W) adaphunzitsa kuti wokhulupirira wamphamvu ndi wokondedwa kwambiri kwa Allah kuposa wofooka, ngakhale kuti mwa onse awiri muli ubwino. Ma ulama akufotokoza kuti mphamvu yoyamba apa ndi ya iman, koma thupi lathanzi limaithandiza. Taonani zimene Dini yathu imafuna. Swala zisanu za faradhi zili ndi maraka 17 ndi masijida 34 tsiku lililonse. Pa Hajj pali kuzungulira Ka'ba kasanu ndi kawiri, ndi kuyenda pakati pa Swafa ndi Marwa mtunda woposa makilomita 3. Kulima, kusamala makolo okalamba ndi kunyamula jeneza, zonsezi zimalira mphamvu. Mu Surah Al-Qasas ndime 26, Musa (Alaihi salaam) adayamikiridwa pa zinthu ziwiri pamodzi, mphamvu ndi kukhulupirika.

Imam Abu Dawud adalemba kuti Mtumiki (S.A.W) adapikisana liwiro ndi Mayi Aisha (R.A) kawiri. Ulendo woyamba adapambana ndi mayiwo. Patapita zaka, iwo atanenepa, adapambana ndi Mtumiki, ndipo adangowauza mwanthabwala kuti wabweza za tsiku lija. Sadawanyoze pa kusintha kwa thupi lawo. Amuna amene mumanyoza akazi anu chifukwa thupi lasintha ndi uchembere, lingalirani nkhaniyi. Ikutionetsanso kuti kulimbitsa thupi n'kwa amayi omwe.

Zoyenera kuchita

Choyamba, konzani niya. Amene akuthamanga kuti akhale ndi mphamvu zogwadira Mbuye wake ndi kudyetsa banja lake, thukuta lake ndi ibada.

Chachiwiri, yambani ndi zimene muli nazo. Bungwe la WHO m'malangizo ake a 2020 lidati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu kwakwanira poyambira. Pitani ku mzikiti wapansi, palasani njinga, gwirani khasu. Odwala ayambe afunsa kuchipatala.

Chachitatu, dziletseni pa chakudya. Hadith ya Miqdam ibn Ma'dikarib (R.A) ikugawa mimba patatu: gawo la chakudya, la chakumwa ndi la mpweya.

Chachinayi, sungani malire. Awra ibisidwe, mpira uime nthawi ya swala ikakwana, ndipo juga ya kubetcha isalowe m'masewero athu.

Kwa amene akudwala, olumala ndi okalamba, ulemerero wanu sudachepe ngakhale pang'ono. Amene akuswali chokhala kapena chogona chifukwa cha matenda, malipiro ake ndi okwanira. Mtumiki (S.A.W) adatiuzanso kuti ngwazi yeniyeni ndi amene amadzigwira pa nthawi ya mkwiyo, ndipo mphamvu imeneyo angathe kukhala nayo ngakhale wogona pamphasa.

Tikumupempha Allah atipatse thanzi m'matupi mwathu ndi kukhutira m'mitima mwathu. Monga adakongoletsera kaumbidwe kathu, akongoletsenso makhalidwe athu, achize odwala athu, ndipo adzalemeretse sikelo zathu pa Tsiku lokumana naye. Ameen.