Kodi mwana wanu akumvadi zimene akuphunzira?

Teremu ikatha, makolo ambiri kuno kunyanja timangofunsa funso limodzi: "Wakhala nambala chiyani?" Mwana akati nambala 6, mayi amalulutira, bambo n'kumugulira nsapato za pa Eid. Koma tampatsani mwana yemweyo kalata yochokera kwa malume ake a ku Johannesburg kuti awerengere agogo. Ena a Sitandade 4 amaima pa mzere woyamba, thukuta lili kamukamu.

Vuto limeneli linayambira kutali. M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mabanja ambiri a Chisilamu ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota, amene makolo awo kale ankaopa sukulu za mishoni poganiza kuti ana akatembenuzidwa, anatumiza ana mwaunyinji. Aphunzitsi anaperewera, ndipo boma linalemba anthu zikwizikwi osaphunzira ntchitoyi. Kuyambira 1997 anthuwa ankapita ku koleji kwa miyezi yochepa pansi pa ndondomeko ya MIITEP, kwinako n'kumaphunzira ali pantchito. M'kalasi la ana oposa 100, mphunzitsi wotere akanadziwa bwanji kuti uyu wamva, uyu sanamve? Iye ankangolemba pa bolodi, ana n'kumabwereza mokuwa.

Akuluakulu a zamaphunziro anaona kuti pokonzera penipeni ndi ku makoleji. Mphunzitsi amaphunzitsa monga momwe iye anaphunzitsidwira. Ngati womuphunzitsa ku koleji ankangowerenga manotsi n'kudikira mayeso a MANEB, nayenso akachita chimodzimodzi kumudzi kwanu. N'chifukwa chake silabasi yatsopano ya pulayimale, imene inakonzedwa ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi n'kuyamba mu Sitandade 1 m'chaka cha 2007, inafuna kuti ophunzitsa m'makoleji nawonso abwerere pa benchi. Silabasiyo imafunsa chimene mwana akutha kuchita phunziro likatha, ndipo imalamula kuti aziyesedwa pang'onopang'ono chaka chonse.

Zimene amaphunzira kumeneko n'zosavuta kuzimva, koma kuzichita n'kolemetsa. Asanalowe m'kalasi, mphunzitsi anene poyera chimene akufuna kuti mwana athe, monga kuwerenga chiganizo cha mawu asanu kapena kuchotsera 17 mu 42. Kenaka apeze njira yoonera mwana aliyense payekha, osadalira kuyankha kwa gulu, pakuti m'gulu wosadziwa amabisala kumbuyo kwa mawu a anzake. Alembe zimene wapeza. Ndipo chachikulu, chimene ambiri amachilumpha, abwerere kwa amene atsalira ndi njira ina yophunzitsira. Kungolemba 3 pa 10 ndi cholembera chofiira sikuthandiza mwana. Auzidwe pamene waphonya ndi chochita kuti akonze. Wophunzira ku koleji nayenso amayesedwa motero, makamaka pamene watumizidwa kukaphunzitsa pa sukulu, womuphunzitsa atakhala kumbuyo kwa kalasi ndi pepala m'manja.

Ife Asilamu izi siziyenera kutidabwitsa. Ku madrasa mwalimu wabwino salola mwana kupita ku sura yotsatira asanamumvetsere yekha, maso ndi maso, n'kumukonza katchulidwe ka chilembo chilichonse. Komabe tisadzitame msanga. Alipo ana oloweza bwino zedi amene sangakuuzeni tanthauzo la zimene akunena, ndipo kuloweza kokha ndi matenda omwewo amene makoleji akulimbana nawo. Masheikh ophunzitsa amwalimu athu angatolepo kanthu apa.

Chovuta chidakalipo ndi kuchuluka kwa ana. Kumvetsera mwana mmodzi kwa mphindi ziwiri zokha m'kalasi la ana 120 ndi maola anayi. Aphunzitsi ena, potopa, amangodzaza mafomu ndi manambala a m'mutu kuti alangizi a maphunziro akabwera apeze zolembedwa. Nyengo ya usipa ikafika, anyamata ena amasowa m'kalasi milungu ingapo, ndiye muwayesa liti?

Inu bambo ndi mayi, pa msonkhano wa makolo wotsatira mukapemphe aphunzitsi akuonetseni kope limene amalembamo za mwana wanu. Kunyumba, mukatha kuswali Maghrib, mpatseni mwanayo buku lake la Chichewa awerenge ndime imodzi mokweza, kenaka mumufunse kuti ndimeyo ikukamba za yani.