Mota yowerenga mapazi

Lero tili ku Area 9 mumzinda wa Lilongwe. Kuchokera kuno, mukawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe n'kudutsa ku Malangalanga, mufika ku Mchesi komwe akalipentala amagoba zitseko ndi mitu ya mabedi ndi tchizulo ndi hamala. Maluwa a pa chitseko chimodzi amatha kudya tsiku la munthu. Makina a CNC amagwira ntchito yomweyo pomvera kompyuta, ndipo munthu wodziwa kuwotcherera zitsulo atha kudzipangira ake mu galaja.

Nzeruyi si ya dzulo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, John Parsons wa ku Michigan ankagwiritsa ntchito makadi obowola powerengera kasemedwe ka mapiko a helikopita, ndipo mu 1952 sukulu ya MIT inaonetsa makina osema chitsulo potsatira manambala. Chomwe chinasintha ndi mtengo. Pulogalamu ya GRBL, yomwe Simen Svale Skogsrud wa ku Norway anailemba mu 2009, ndi yaulere, ndipo imakhala m'kabodi ka Arduino kokwana m'dzanja. Ndalama zenizeni zimapita ku mamota, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa.

Mota ya fani kapena ya chigayo ukaipatsa magetsi imangozungulira. Ya stepper siitero. Imaponya phazi limodzi, n'kuima kudikira lamulo lina. Zambiri zimaponya mapazi 200 kuti zizungulire kamodzi. Mukailumikiza ku chitsulo cha mazinga choyenda mamilimita 8 pa mzungulo, phazi lililonse limasuntha mpeni mamilimita 0.04 okha.

Koma tcherani khutu apa. Motayi siona. Katundu akailemera imadumpha mapazi, ndipo siuza aliyense. Kompyuta imapitiriza kuwerenga ngati zonse zili bwino, pomwe mpeni wasochera kale, duwa likukhota, thabwa la mlombwa lija mwaligula modula likusanduka nkhuni. Choncho funso loyamba si la mota ayi, ndi lakuti mukufuna kudula chiyani. Paini wa ku Chikangawa ndi wofewa, mlombwa ndi mbawa zimafuna nyonga, aluminiyamu ndiye nkhani ina.

Ogulitsa adzakutchulirani NEMA 17, NEMA 23 ndi NEMA 34. Manambalawa sanena za mphamvu, amangonena kukula kwa nkhope ya mota: pafupifupi mamilimita 42, 57 ndi 86. Mphamvu yopotokola imalembedwa payokha, mu N·m, ndipo mamota awiri a NEMA 23 atha kusiyana kutali. Kwa makina ojambula ndi cholembera kapena laser, NEMA 17 ndi yokwana. Makina onyamula rauta ya matabwa ambiri amayendera NEMA 23. Kuthamangira NEMA 34 poganiza kuti chachikulu n'chabwino, ine ndimakuona ngati kumanga injini ya lole pa ngolo: felemu imagwedezeka, ndalama zapita.

Nambala ya N·m ya pa chikalata ndi mphamvu ya mota itaima. Ikayamba kuthamanga mphamvu imatsika, ndipo chomwe chimaichirikiza ndi magetsi okwererapo, mavoti 36 kapena 48 m'malo mwa 12. Apa mpofunika kuyang'ana dalaivala, kabokosi kamene kamaipatsa magetsi phazi ndi phazi. Ka A4988 n'kotchipa, koma sikapitirira ma amp 2 ngakhale mutakaziziritsa, pomwe NEMA 23 zambiri zimafuna pafupifupi 3. Zimenezi zimafuna dalaivala wa TB6600 kapena DM542. Poti katunduyu amaitanitsidwa ku China kapena ku Johannesburg, ndipo ndalama zakunja n'zosowa, mota, dalaivala ndi magetsi muziwerengere pamodzi musanalipire.

Nanga zotoleza? Mwambo umenewu tili nawo: William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotayidwa. M'mafotokope akale muli mamota a stepper abwino ndithu. A m'mapulinta ang'onoang'ono ambiri ndi ofooka, ena amaponya mapazi 48 okha pa mzungulo. Ophunzirira ali bwino, koma mlombwa sangauthe.

Chinanso ndi kuthima kwa magetsi. Akazima ntchito ili mkati, mota imamasuka, kabodi kamaiwala pomwe kanafika, ndipo mutu wolemera wa rauta utha kutsetserekera m'thabwa. Ikani timasiwichi kumapeto kwa njanji iliyonse, kuti magetsi akabwera makina apeze ngodya yake yoyambira, muyambirenso pa thabwa lomwelo osalichotsa pa tebulo.