Madera Athu: Kwa Katunga, Doko Lobadwa ndi Mathithi

Galimoto ikamatsika phiri kuchokera ku Blantyre kulowera ku Thabwa, makutu amatseka, kamphepo kozizira kamatsala kumtunda, ndipo pansipo Shire amaoneka akunyezimira pakati pa minda ndi milambe. Akawoloka mlatho wa Kamuzu, alendo ambiri amathamangira ku Majete kukaona njovu. Ndi ochepa amene amadziwa kuti dera la Mfumu Yaikulu Katunga, kufupi ndi boma la Chikwawa, linali khomo lolowera m'dziko muno.

Kuti nkhaniyi imveke, ulendo uyambire ku mathithi a Kapichira. Apa madzi amagubuduka m'miyala mwaphokoso, ndipo ndi pano pomwe David Livingstone anagwira njakata mu Januwale 1859. Anabwera ndi sitima ya nthunzi yotchedwa Ma-Robert, akuganiza kuti Shire amufikitsa mkatikati mwa Africa. Miyala inamukaniza. Mathithi onse a chigawo chimenechi anawatcha Murchison, dzina lomwe anthu a kuno sankalidziwa n'komwe. Chapafupi pali manda a Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala wa m'gulu lakelo, amene anamwalira mu 1863.

Livingstone atachoka mu 1864, ena mwa anyamata amene anawatenga kwa Mfumu Sekeletu, kumadzulo kwa dziko lomwe lero ndi Zambia, sanabwerere kwawo. Awa ndiwo Amagololo. Anali ochepa, koma anali ndi mfuti, ndipo anapeza Amang'anja atafooka ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 komanso nkhondo za ogwira akapolo. Anakwatira akazi a komweko, ana awo nakula akuyankhula Chimang'anja. Mayina awo ndi omwe ali pa mipando ya ufumu mpaka lero: Kasisi, Maseya, Mlilima, Katunga. Koma mlendo asaganize kuti ufumu m'chigwachi unayamba ndi iwowa. Lundu wa Amang'anja analipo kalekale, ndipo kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje ndi wakale kuposa Amagololowo.

Popeza sitima sizikanatha kudutsa mathithi, zinkaima chakumunsi, ndipo mudzi wa Katunga unasanduka doko. Kampani ya African Lakes inali ndi malo ake pamenepo. Nsalu, mchere, makalata, ngakhale zitsulo za sitima zokayenda pa nyanja ya Malawi, zonse zinkatsitsidwa pagombe n'kusenzedwa pamutu ndi amtengatenga, phiri lonse lija mpaka ku Mandala. Munthu akamadandaula ndi makona a msewuwo ali pampando wa minibasi, akumbukire anthu amene anakwera pomwepo opanda nsapato, katundu ali pamutu, dzuwa la Chikwawa lili pamsana. Njanji itatsegulidwa mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe ndi ku Nsanje lero, kukafika ku Blantyre, dokolo linazilala.

Lero kwa Katunga kumadziwika ndi nzimbe. Alimi a Kasinthula ndi a gulu la KAMA, lomwe dzina lake likuchokera kwa Katunga ndi Maseya, amalima pamodzi, ndipo ku Dyeratu kuli fakitale ya PressCane yopanga ethanol. M'midzi, moyo ndi wa mapira, thonje, mbuzi ndi madimba a m'mbali mwa Shire. Ana amagulitsa malambe ndi masau pamsewu, akabaza amadikirira anthu pamthunzi, ndipo pamsika Chimang'anja chimasakanikirana ndi Chisena. Wofuna kucheza m'mudzi ayambe wakaonekera kwa anyakwawa. Akachita mwayi n'kupeza chisangalalo, adzamva ulimba ukulira.

Mathithi aja sanasiye kulamulira moyo wa kuno. Pa Kapichira pali makina a EGENCO otulutsa magetsi pafupifupi mamegawati 130. Namondwe Ana atawononga damu lake mu Januwale 2022, kuzimazima kwa magetsi kunafika mpaka ku Mzuzu. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, nayonso ikuyambira pomwepo.

Zonsezi zimakwana tsiku limodzi: m'mawa ku Kapichira ndi ku Majete, komwe bungwe la African Parks lakhala likubwezeretsa nyama kuyambira 2003, masana m'midzi ya kwa Katunga, ndipo nthawi ikalola, madzulo ku Lengwe kukaona nyala. Chomvetsa chisoni n'chakuti ndalama za alendo zimathera pageti la nkhalango, pomwe akuluakulu odziwa mbiri ya dokolo ali pakhonde, osafunsidwa ndi aliyense. Ulendo wabwino ndi wa mu Juni kapena Julayi. Pofika Okutobala, dzuwa la kuno limalowetsa munthu m'nyumba isanakwane 10 koloko m'mawa.