Zinkhwe Zimene Zazolowera Chisanu cha ku London

Mu January, mitengo yambiri ya mumzinda wa London imakhala itayoyola masamba ndipo m'mawa udzu umachita kuyera ndi chisanu. Koma dzuwa likapendeka, m'mapaki monga Richmond Park mumamveka phokoso logonthetsa m'khutu la zinkhwe zobiriwira, za milomo yofiira ndi zipsepse zazitali, zikuuluka m'magulu kupita kogona. Kwawo kwa mbalamezi ndi ku India, ku Pakistan ndi m'chigawo cha Africa choyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia. Nanga ku London zinafikako bwanji?

Anthu a kumeneko amakonda kusimba kuti woimba Jimi Hendrix ndi amene anamasula zinkhwe ziwiri mumsewu wa Carnaby Street. Ena amati zinathawa pamene ankajambula filimu ya The African Queen mu 1951. Nkhanizi n'zokoma kumva, koma ofufuza amene anaunika nkhaniyi mu 2019 sanapeze umboni wake. Iwo anaona kuti mbalamezi zinkathawa kapena kumasulidwa m'malo osiyanasiyana kwa zaka zambiri, makamaka anthu oweta akachita mantha ndi matenda ochokera ku zinkhwe, monga zinachitikira cha m'ma 1930.

Chisanu sichizigonjetsa chifukwa makolo a zambiri mwa izo anachokera kumpoto kwa India ndi Pakistan, kumene kumazizira kwambiri miyezi ina. Komanso m'mizinda mumafundirako kusiyana ndi kumidzi, ndipo Angelezi ambiri amaikira mbalame mtedza ndi njere za mpendadzuwa kuseri kwa nyumba zawo.

Vuto lagona pa mphako. Zinkhwezi sizimanga zisa, zimaikira mazira m'mphako za mitengo ikuluikulu, ndipo zimayamba msanga mbalame zina zisanayambe, moti eni dera amapeza malo atalandidwa kale. Mumzinda wa Seville ku Spain, m'paki ya María Luisa, zakhala zikuthamangitsa ndi kupha mileme ya mtundu waukulu kwambiri ku Ulaya, imene ndi yosowa kale. Alimi a zipatso nawonso amadandaula, ndipo mu 2010 boma ku England linalola kuti zinkhwezi ziziphedwa zikamawononga mbewu.

Mtundu womwewu unathawanso m'makola ku South Africa, ndipo umaswana m'mitengo ya ku Durban ndi ku Johannesburg. Malamulo a dzikolo anauika m'gulu la zamoyo zachilendo zimene munthu sangawete popanda chilolezo.